Musanagulitse Chithunzi pa Intaneti: Ufulu Wanu ndi wa Munthu Amene Mwamujambula

Foni zambiri zimene anthu akuyenda nazo masiku ano zimajambula zithunzi zoti makampani akuluakulu ogulitsa zithunzi pa intaneti akhoza kulandira. Shutterstock ndi Adobe Stock amafuna chithunzi chooneka bwino chosachepera mamegapikiselo 4, ndipo wojambulayo akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo. Safunsa za satifiketi ya sukulu kapena mtundu wa kamera. N'chifukwa chake mphunzitsi wa ku Dedza, wophunzira wa pakoleji ku Zomba kapena mnyamata amene ali pa ganyu ku Johannesburg akhoza kulembetsa lero n'kuyamba kutumiza zithunzi mawa, poyembekezera kupezako kangachepe kowonjezera.

Kale malonda amenewa anali a akatswiri okhaokha. Khomo linatsegukira anthu wamba mu 2000 pamene Bruce Livingstone anayambitsa iStockphoto ku Calgary m'dziko la Canada, ndipo mu 2003 Jon Oringer anatsegula Shutterstock ku New York ndi zithunzi pafupifupi 30,000 zojambula yekha. Getty Images inagula iStockphoto mu 2006 pa mtengo wa madola 50 miliyoni. Kayendetsedwe kake n'kofanana pafupifupi kulikonse: inu mumaikako zithunzi, otsatsa malonda, anyuzipepala, osindikiza mabuku ndi mabungwe amalipira kuti azigwiritse ntchito, kampani imatengapo gawo lalikulu, chotsala n'kukhala chanu.

Kudina batani lovomereza mfundo za kampani ndi kusaina mgwirizano umene khoti limauzindikira. Mumalonjeza kuti chithunzi chilichonse ndi chanu, kuti muli ndi chilolezo cha anthu ndi eni zinthu zimene zikuonekamo, ndiponso kuti wina akadzasuma chifukwa choti munanama, mlandu ndi ndalama zake mudzasenza ndinu. Lamulo limakupatsani ufulu weniweni pa chithunzi chanu, koma m'chithunzi chomwecho mumakhalanso ufulu wa anthu ena. Wogulitsa ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri asanatumize ngakhale chimodzi.

Mwini chithunzi ndani?

Ku Malawi nkhaniyi ili m'lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989. Chithunzi chili m'gulu la ntchito zaluso zotetezedwa, pamodzi ndi nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Umwini umayamba nthawi imene mwajambula. Simufunika kukalembetsa kwina kulikonse kapena kulemba dzina lanu pakona kuti chikhale chanu. Mfundo imeneyi imachokera m'pangano la Berne la 1886, limene Malawi inalowamo mu 1991 ndipo lero muli mayiko oposa 180. Chifukwa cha panganoli, chithunzi chojambulidwa ku Nkhotakota chimatetezedwa ku Germany kapena ku Japan mofanana ndi cha nzika za kumeneko.

Mwini amakhala ndi ufulu wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa chuma: iye yekha ndiye angalole kuti chithunzicho chikopedwe, chisindikizidwe, chigulitsidwe kapena chiikidwe pa intaneti. Wachiwiri ndi wa dzina ndi ulemu: kutchulidwa kuti ndiye anajambula, ndi kukana kuti ntchito yake isinthidwe m'njira yomunyazitsa. Pa ntchito zambiri, lamulo la Malawi limateteza umwini moyo wonse wa mwini wake ndi zaka 50 atamwalira, kotero zithunzi zimene zikubweretsa ndalama zimalowa pa chuma cha masiye.

Mwini chithunzi ndi amene anajambula, ngakhale foni itakhala yobwereka. Mnzanu akajambula ndi foni yanu, chithunzicho ndi chake. Chimene mwachipeza pa WhatsApp kapena pa Facebook chili ndi mwini wake, ngakhale chitazungulira magulu ambirimbiri popanda dzina, ngakhalenso wooneka m'menemo mutakhala inu nomwe.

Pamene pali ntchito yolipidwa m'pofunika kusamala. Ngati munajambula monga mbali ya ntchito imene munalembedwa, kunyuzipepala kapena ku bungwe, kawirikawiri ufulu wa chuma umakhala wa okulembani ntchito, choncho werengani kalata yanu ya ntchito. Ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mapwando alembe pa pepala kuti zithunzi zidzakhala za ndani, chifukwa mayiko amasiyana pa mfundo imeneyi. Ku South Africa, lamulo la 1978 limapereka umwini kwa munthu amene anaitanitsa chithunzi n'kulipira, pokhapokha mutagwirizana zina. Ku Britain, lamulo la 1988 limasiya umwini m'manja mwa wojambula, koma limapatsa kasitomala ufulu wokana kuti zithunzi za pabanja pake zifalitsidwe.

Chimene mukugulitsa ndi chilolezo

Pa makampani amenewa chithunzi chimakhalabe chanu. Wogula amalipira chilolezo chochigwiritsa ntchito, ndipo chithunzi chimodzi chikhoza kugulidwa ndi anthu mazanamazana. Chilolezo chofala kwambiri amachitchula kuti royalty-free. Wogula amalipira kamodzi n'kumachigwiritsa ntchito kambirimbiri, m'dziko lililonse, popanda tsiku lothera.

Zotsatira zake zilipo zitatu. Simusankha wogula, ndipo nthawi zambiri simudziwa n'komwe kuti ndani wagula. Dzina lanu silitchulidwa pa zotsatsa malonda, chifukwa munavomera zimenezo posaina. Ndipo mukadzachotsa chithunzi kapena kutseka akaunti, amene anagula kale amapitiriza kuchigwiritsa ntchito mwalamulo.

Onaninso ngati mgwirizano wanu ndi exclusive kapena non-exclusive. Woyambawo umakupatsani gawo lokulirapo koma umakuletsani kugulitsa zithunzi zomwezo kwina, ndipo kuuphwanya kumatsekeretsa akaunti. Wachiwiriwo umakulolani kuika chithunzi chimodzi ku Shutterstock, Adobe Stock ndi Alamy nthawi imodzi. Woyamba kumene amachita bwino kuyamba ndi wachiwiriwu.

Masamba ngati Unsplash, Pexels ndi Pixabay ndi a mtundu wina. Kumeneko zithunzi zambiri zimaperekedwa ulere, ndipo aliyense, ngakhale kampani yolemera, akhoza kuzitenga osakulipirani. Chenjeraninso ndi mipikisano ya zithunzi imene mfundo zake zimati aliyense wolowa nawo wapereka umwini wonse kwa okonza, komanso ndi masamba amene amafuna kuti mulipire kaye musanayambe kugulitsa. Makampani odziwika amene atchulidwa muno salipiritsa wojambula polembetsa.

Chithunzi cha malonda ndi chithunzi cha nkhani

Tiyerekeze kuti mwaima pamsika wa Lizulu m'mawa. Mwajambula mayi akuunjika tomato pa chiguduli, mwana ali kumbuyo. Mayiyo wavala chitenje cha chipani chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Kumbuyo kwake kuli ambulera yofiira ya Airtel Money, wakabaza wovala jezi ya Bullets, ndi minibasi imene nambala yake ikuwerengeka. Kuwala kuli bwino, tomato akunyezimira, inu mwakondwa. Woyang'ana zithunzi wa kampani uja aona zina: nkhope zitatu zopanda chilolezo, imodzi mwa izo ya mwana, nkhope ya wandale pa chitenje, zizindikiro ziwiri za eni ake, ndi nambala ya galimoto ya munthu. Ngati mwachitumiza kuti chikagwire ntchito yotsatsa malonda, achibweza.

Makampani amagawa zithunzi pawiri. Za commercial ndi zotsatsira malonda: pa zikwangwani, pa mapaketi, m'makalendala. Zimenezi zimafuna chilolezo cholembedwa cha munthu aliyense wozindikirika, ndipo zisakhale ndi zizindikiro za makampani kapena ntchito zaluso za anthu ena, monga chojambula cha pakhoma kapena chiboliboli cha mmisiri wodziwika. Munthu amazindikirika ndi zambiri kuposa nkhope. Chipsera, mphini kapena nyumba imene waima pakhomo pake zikhoza kumuulula ngakhale atatembenuka.

Za editorial ndi zofotokozera nkhani m'nyuzipepala, m'mabuku a sukulu ndi m'mafilimu a zochitika zenizeni. Chithunzi cha ku Lizulu chija chikhoza kulowa m'gulu limeneli popanda pepala la chilolezo, koma pali malamulo ake. Muyenera kulemba malo, tsiku ndi chimene chikuchitika, zonse zoona. Simuloledwa kufufuta kapena kuwonjezera chinthu m'chithunzimo. Kulemba kuti mayi uja ndi wovutika ndi njala pamene ali pa geni yake ndi bodza limene lingakuikeni pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

Nkhope ili ndi mwini wake

Malamulo aakulu a dziko la Malawi amateteza ulemu wa munthu m'gawo 19 ndi chinsinsi chake m'gawo 21. Gawo 35 limapereka ufulu wofotokoza maganizo, ndipo kujambula kuli momwemo, koma ufulu umenewu sukupatsani mphamvu yopezera ndalama pa nkhope ya mnzanu iye osadziwa. Kuyambira mu 2024 kulinso lamulo la Data Protection Act, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Chithunzi chozindikiritsa munthu chili m'gulu la zinthu zokhudza munthu payekha zimene lamuloli limateteza. Zambia ili ndi lamulo lotere la 2021, ndipo South Africa ili ndi lake lotchedwa POPIA.

Pepala limene makampani amafuna amalitchula kuti model release, ndipo limapezeka pa masamba awo. Limakhala ndi dzina la wojambulidwa, tsiku lojambula, siginecha yake ndi yanu, ndipo makampani ambiri amafunanso mboni. Mawu ake ndi olemera. Wosaina amavomera kuti chithunzi chake chigwiritsidwe ntchito padziko lonse, mpaka kalekale, kuti sadzapemphanso ndalama ina, ndipo sadzabweza chilolezocho. Mapepalawa amabwera m'Chingerezi. Kusainitsa munthu pepala limene sakulimva ndi kumupusitsa, ndipo chilolezo chopezeka mwachinyengo chikhoza kugwa m'khoti. Udindo womufotokozera m'chilankhulo chake ndi wanu.

Kufotokozako kungamveke motere: "Mayi, pepani ndakusokonezani pa malonda anu. Ine ndimajambula zithunzi n'kumagulitsa pa intaneti. Ndimafuna ndikujambuleni. Amene adzagule akhoza kuika chithunzi chanu m'buku, pa kalendala kapena pa chikwangwani, kuno kapena kunja, ndipo ine sindidzadziwa kuti wagula ndani. Mukasaina pepalali simudzathanso kubweza. Mukalola, tigwirizane mtengo lero lomwe. Mukakana, palibe mlandu." Mayi wochenjera angayankhe kuti, "Nanga achimwene, anthu akwathu akadzandiona pa chikwangwani cha matenda, ndidzawauza chiyani?"

Funso limenelo ndi lenileni. Mu 2013 nthambi ya boma yoona za ufulu wa anthu ku New York inatulutsa m'nyuzipepala uthenga wokhudza ufulu wa anthu amene ali ndi HIV. Inagwiritsa ntchito nkhope ya mayi wina wa ku Brooklyn, ndipo mawu a uthengawo ankamveka ngati akulankhula ndi iyeyo. Mayiyo analibe kachilomboka ndipo sanasainepo chilolezo chilichonse. Chithunzicho chinagulidwa kudzera ku Getty Images. Anasuma, ndipo mu 2018 khoti linalamula boma la New York kumupatsa chipukuta misozi cha madola 125,000. Mfundo za makampani zimaletsa ogula kugwiritsa ntchito chithunzi monyazitsa munthu, ndipo pa nkhani zovuta monga matenda zimafuna kuti alembe kuti wooneka pamenepo wangoimira chabe. Koma wophwanya mfundo amagwidwa chikwangwani chitaima kale. Muuzeni munthu zoona zake kuti asankhe akudziwa.

Mupatseni kope la pepala limene wasaina, ndipo ngati salemba, funsani kaye kampaniyo ngati imalandira chidindo cha chala. Musasainire munthu wina, ngakhale ndi mlongo wanu amene wavomera pafoni.

Ana ndi anthu amene ali pamavuto

Kuyambira mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, mwana ku Malawi ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mwana sangasaine yekha. Wosainira ndi kholo kapena womulera mwalamulo. Mphunzitsi wamkulu, nyakwawa kapena mbusa akhoza kukulolani kulowa pamalo, koma sangapereke nkhope za ana a eni kuti zikagulitsidwe.

Zithunzi za ana osavala, ngakhale akungosamba kunyanja monga mwa masiku onse, musazitumize kulikonse. Makampani amazikana, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi zilango zowawa pa zithunzi zolaula za ana. Chimene kwa inu chili chosalakwa chikhoza kukafika m'manja mwa anthu oipa.

Odwala m'chipatala, ofedwa pa maliro, ndi anthu okhala m'misasa monga zinalili namondwe Freddy atawononga chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, onsewa ali ndi ulemu wofanana ndi wanu. Munthu amene ali pa mzere wolandira ufa amavomera chilichonse poopa kuti akakana amumana, choncho muuzeni momveka kuti inu si wa bungwe logawa thandizo ndipo kukana sikumutayitsa kanthu. Kwa anthu achialubino pali ngozi inanso. Foni zambiri zimasunga malo enieni mkati mwa fayilo ya chithunzi. Zimitsani zimenezo musanajambule, ndipo musalembe dzina la mudzi kapena la sukulu.

Malo ndi miyambo

Pamsewu, pamsika ndi pagombe mukhoza kujambula. Mkati mwa nyumba ya munthu, mu hotela, m'sitolo kapena pa esiteti ya tiyi, mwini malo ali ndi ufulu wokuletsani, ndipo chithunzi cha malonda choonetsa malo ake mozindikirika chimafuna pepala lina lotchedwa property release. Malo a asilikali, nyumba za boma monga Kamuzu Palace ndi Sanjika, ndi malo ena achitetezo amatetezedwa ndi malamulo monga Protected Places and Areas Act, ndipo kujambula kumeneko popanda chilolezo kukhoza kukugonetsani m'chitolokosi. M'bwalo la milandu musatulutse kamera popanda chilolezo cha khoti. Mbendera ndi chizindikiro cha boma zili ndi lamulo lake, Protected Flag, Emblems and Names Act, loletsa kuzichitira malonda mwachisawawa. Kumalo osungirako nyama monga Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, amene akuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma, funsani ku ofesi ya pakhomo za kujambula kwa malonda musanalowe.

Miyambo ndiyo imakopa ogula akunja, ndipo ili ndi chitetezo chakechake. Lamulo la Copyright limaika umwini wa zaluso za makolo, monga magule, nyimbo ndi nthano, m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a dziko lino, ndipo wofuna kupezerapo phindu ayenera kupempha chilolezo. Poyambira kufunsa ndi ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo Tchopa mu 2014. Gule akamavina pabwalo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ojambula amakhalapo ambiri, koma amatsata malangizo a okonza mwambo. Za kudambwe, kutsimba ndi kusimba n'za eni ake. Kujambula mobisa zinthu zimenezo n'kukazigulitsa kumabweretsa mlandu kwa mfumu ndipo kumatsekera khomo ojambula onse obwera pambuyo panu.

Ndalama ndi msonkho

Ndalama zake ndi zochepa, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Kuyambira mu 2020, Shutterstock imalipira pakati pa 15 ndi 40 pa 100 iliyonse ya mtengo umene wogula walipira, malinga ndi kuchuluka kwa zimene mwagulitsa m'chakacho, ndipo Januwale aliyense wojambula amabwerera pa 15. Malipiro otsikitsitsa ndi masenti 10 a dola pa chithunzi. Adobe Stock imalipira 33 pa 100 iliyonse pa zithunzi. Makampani awiriwa satumiza ndalama mpaka zitakwana madola 25. Pa mtengo wa masenti 10, ndiye kuti zithunzi zanu zigulidwe ka 250 musanalandire kalikonse, pamene bandulo ya intaneti mwagula kale. Mitengo imeneyi makampani amaisintha okha, ndipo mgwirizano umawalola kutero.

Polembetsa ku kampani ya ku America mudzadzaza fomu ya msonkho yotchedwa W-8BEN, yotsimikizira kuti si inu nzika ya kumeneko. Dziko la America limadula 30 pa 100 iliyonse pa ndalama zochokera kwa ogula a m'dziko lawo, pokhapokha ngati dziko limene mumakhala lili ndi pangano la msonkho ndi America. Malawi ilibe pangano lotere, kotero masenti 10 aja akachokera kwa wogula wa ku America amatsala 7. Wokhala ku South Africa kapena ku Britain sadulidwa, chifukwa mayiko amenewo ali ndi mapangano. Kulemba adiresi ya m'bale wa ku Johannesburg pamene inu mukukhala ku Mchinji ndi kunama pa chikalata cha msonkho, ndipo zikadziwika akaunti imatsekedwa.

Malipiro amadzera ku Payoneer, PayPal kapena Skrill. Fufuzani njira imene ikufikitsa ndalama ku banki yanu musanataye nthawi kuika zithunzi, ndipo dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa chiphaso chanu. Madola asinthidwe ku banki kapena kwa osintha ndalama ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi. Sungani malipoti onse a malipiro ndi malisiti a zimene mwawononga, ndipo ndalama zikayamba kubwera kawirikawiri pitani nazo ku MRA mukatenge TPIN ndi kumva za msonkho umene ukukukhudzani.

Zithunzi zanu ndi AI

Mfundo za makampani ambiri tsopano zimalola kuti zithunzi zanu zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa makompyuta opanga zithunzi. Shutterstock inagwirizana ndi OpenAI ndipo mu 2022 inalengeza thumba lolipirako ojambula. Adobe inaphunzitsa pulogalamu yake ya Firefly ndi zithunzi za pa Adobe Stock n'kupereka bonasi kwa eni ake. Getty Images inasumira kampani ya Stability AI mu 2023 poinena kuti inatenga zithunzi zake popanda chilolezo. Onani ngati akaunti yanu ili ndi posankha kukana, ndipo anthu amene mukuwasainitsa auzeninso za ntchito imeneyi, chifukwa nkhopezo ndi zawo. Chithunzi chopangidwa ndi AI musachitumize ngati chojambula ndi kamera. Adobe Stock imachilandira mukachilemba kuti ndi cha AI, pamene Getty Images imachikana.

Akakuberani chithunzi

Mukachiona pa chikwangwani kapena pa tsamba la kampani, musathamangire kulalata pa Facebook. Mwina anagula chilolezo mwalamulo, ndipo kutchula munthu wosalakwa kuti wakuba ndi mlandu. Yambani mwaona mu akaunti yanu ngati chinagulidwapo. Ngati sichinagulidwe, sonkhanitsani umboni: jambulani pamene chaikidwa, lembani tsiku, ndipo sungani fayilo yoyambirira ya mu kamera kapena foni, chifukwa imasunga tsiku ndi mtundu wa chipangizo. Google Lens ndi TinEye zimathandiza kupeza malo ena amene chafika.

Kenako lembani kalata yaulemu yofotokoza kuti chithunzi ndi chanu, ndi chimene mukufuna: achichotse, kapena alipire. Ngati chili pa tsamba la kampani ya ku America monga Facebook, Instagram kapena YouTube, lamulo lawo la DMCA la 1998 limakupatsani njira yodzaza fomu kuti chichotsedwe. Kuno kwathu dandaulo lipite ku COSOMA, ndipo bungwe la ojambula la PHOTAMA likhoza kukupatsani upangiri. Zikakanika, khoti lili ndi mphamvu yoletsa ndi yolamula chipukuta misozi. Wojambula payekha akhoza kupambana ngakhale makampani akuluakulu. Daniel Morel wa ku Haiti anaika pa intaneti zithunzi za chivomezi cha 2010, makampani a AFP ndi Getty Images anazifalitsa popanda chilolezo chake, ndipo mu 2013 khoti la ku New York linamupatsa madola 1.2 miliyoni.

Ngati wojambulidwayo ndinu

Muli ndi ufulu wokana kujambulidwa kwa malonda, wofunsa kumene chithunzi chikupita, wowerengeredwa pepala m'chilankhulo chimene mukumva, wokambirana mtengo ndi wolandira kope. Mukapeza nkhope yanu ikutsatsa malonda inu osasainapo kanthu, lemberani kampani imene yachigwiritsa ntchito ndi imene yachigulitsa, mufunse kuti akuonetseni chilolezo chanu. Makampani ogulitsa zithunzi ali ndi maofesi olandira madandaulo otere. Mukhozanso kukadandaula ku MACRA kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau.

Poyambira pabwino

Woyamba kumene ayambe ndi zinthu zopanda nkhope ndi zizindikiro: phiri la Mulanje, chambo pa moto, chimanga m'nkhokwe, bwato lili pagombe, mbale ya nsima ndi ndiwo. Zimenezi zimakuphunzitsani zimene ogula amafuna popanda kuika munthu pachiswe. Mukadzayamba kujambula anthu, yambani ndi akuluakulu amene mukhoza kukhala nawo pansi n'kuwafotokozera bwinobwino.

Pa chithunzi chilichonse chimene mwagulitsa sungani zinthu zinayi pamodzi: fayilo yoyambirira, pepala la chilolezo, umboni wa ndalama imene munalipira wojambulidwayo, ndi kope la mfundo za kampani monga zinalili tsiku limene munavomera. Sungani m'malo awiri, chifukwa foni imabedwa ndipo kompyuta imafa. Chilolezo chimene wogula walipira chilibe tsiku lothera, choncho chithunzi cha chaka chino chikhoza kudzatuluka pa chikwangwani patapita zaka 15, mwana amene anali kumbuyo atakula n'kumafunsa amene anasainira nkhope yake. Mapepala amenewa musawataye, pakuti mlandu suwola.